Mvula ya Sete Ora

Ananditumiza ku Tsangano, m'chigawo cha Tete, zaka zomaliza za nkhondo. Ndinali mlangizi wa ulimi, koma poti ndinakhudzapo kompyuta kawiri kusukulu, anandipatsanso makina oyezera mvula. Kuseri kwa ofesi kunali mtengo wachitsulo wokhala ndi fanulo pamwamba. Madzi akalowa mu fanuloyo, kasupuni ka m'kati kankapendekeka, ndipo kabokosi kotuwa kankasunga kuti kapendekeka kangati, nthawi yanji. Ine ndinkayenera kukoka manambalawo ndi kompyuta, kuwaika pa disikete, n'kupatsa dalaivala wa koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kuti akafike ku Tete.

Poyamba chingwe chinakana kulowa. Pulagi ya kabokosi inali ya mano asanu ndi anayi, pamene kompyuta inkafuna ya mano makumi awiri ndi asanu. Ndinalemba kalata, ndipo patapita miyezi iwiri kachipangizo kolumikizira kanabwera katakulungidwa mu sokosi. Ndinasangalala. Koma walira mvula walira matope: manambala atatuluka, anasonyeza kuti ku Tsangano kumagwa mvula m'mawa uliwonse nthawi ya seveni, ngakhale m'chilimwe fumbi lili koboo.

Injiniya wa ku Tete, amene nkhope yake sindinaionepo, anayankha kuti pulogalamu ili ndi vuto. Anatumiza disikete yokonzera. Ndinaiika, mvula ija osasiya. Anatumiza yachiwiri, akuti wotchi ya kabokosi siikugwirizana ndi kompyuta yakale ngati yathuyo, ndipo pansi pa kalata anafunsa ngati ndimadziwa n'komwe poyatsira kompyuta. Imeneyonso sinathandize. Kalata yotsatira inali yachidule: ayesa kamodzi komaliza, zikakanika makina achotsedwa ndipo malo oyezera mvulawo atsekedwa.

Kwa ine kutsekako sikunali kanthu, ndikanabwerera ku minda ya mbatatesi. Koma panali bambo ena achikulire a ku Ntengo-Wambalame amene ankasamalira malowo. Anayamba kuyeza mvula ndi galasi ndi kope nthawi ya Apwitikizi, ndipo makina atabwera anangowasiyira tsache ndi kiyi wa mpanda. Kantchito kameneko n'kamene kankawapatsa khadi la chakudya ndi chipinda m'kati mwa tauni, momwe munali asilikali. Kwawo kunali kutatsala zipupa zokha, ndipo akazi awo anali otupa miyendo, osatha kuyenda mpaka ku Malawi monga anachitira anzawo.

Ine ndine wa tulo, ndipo kuzizira kwa ku Tsangano sikulimbikitsa munthu kulawira. Tsiku lina m'mimba munandidzutsa msanga. Pochokera kuchimbudzi ndinawaona bambo aja ataima pa njerwa, akupukuta fanulo ndi kansanza, kenako n'kuthiramo madzi a m'kapu.

"Bambo, mukutani pamenepo?"

"Ndikutsuka, shefi. Fumbi ndi zitosi za mbalame. Amene anandiphunzitsa ntchito anati sete ora, seveni m'mawa, chiwiya chikhale limpu, choyera bwino. Ichi ndiye chabwino, madzi chimataya chokha, sichifuna kukhuthula."

Ndinamva kasupuni kaja kakugogoda m'kati, ke, ke, ke. Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa cha miyezi yonse ija komanso funso lija la poyatsira. Ndinalowa mu ofesi n'kulemba kalata yofotokoza zonse, ndipo ndikuvomera kuti inandikomera polemba.

Sindinaitumize tsiku lomwelo poti koluna inali isanabwere. Podikirapo ndinaganiza. Kalatayo ikanapulumutsa makina ndi dzina langa, koma bambowo akanachotsedwa. Ndikanatha kungowauza kuti asiye kutsuka, koma ndinkawadziwa. Makope awo a zaka zonsezo analibe tsamba lofufutidwa ngakhale limodzi. Akanamva kuti aipitsa manambala a boma, akanavala jekete yawo n'kupita okha kwa mkulu wa ofesi kukadzinenera.

Koluna inabwera ndi disikete yachitatu. Injiniya uja anali atatopa nafe. Pulogalamu yatsopanoyo inkangotaya chilichonse chimene kabokosi kawerenga pakati pa kota tu seveni ndi kota pasiti. Ndinaiika, mvula ya m'chilimwe inatha, ndipo ndinalemba mizere iwiri yothokoza kuti vuto lakonzedwa. Kalata ija yonena za bambowo ndinayatsira mbaula. Bambowo anapitiriza kutsuka m'mawa uliwonse.

Dzinja litafika, m'mawa wina kunagwa chimvula cha mkokomo nthawi yomweyo ya seveni. Chinakokolola mizere ya mbatatesi kumunsi kwa msika, n'kusiya msanga. Pa pepala la makina panaoneka timadontho chabe.

Masana bambowo anagogoda pa ofesi atanyamula kope. Sindinkadziwa kuti galasi lawo lakale analiika kuseri kwa chipinda chawo, ndipo ankayezabe tsiku ndi tsiku popanda wowatuma. Anapempha kuona pepala langa. Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa kope lawo.

"Shefi, makinawa sanachire. Mvula ya lero yonse ija aimeza. Ndi manambala a boma awa, anthu adzawakhulupirira. Mulembere ku Tete, abwere adzafufuze bwino pomwe pali vuto."

Ndinati ndilemba. Koluna iliyonse ikafika ankabwera kudzafunsa ngati yankho labwera, ine n'kumati njira ndi yovuta, makalata amasochera. Ankapukusa mutu, kudandaula kuti anthu a masiku ano sasamala ntchito. Ndinkavomereza, ndipo sindinalembe.