Zingwe Zitatu za Naima

Ku Mangochi, mayi wachisilamu akamwalira, anthu ankathamangira kwa Ajira. Ndiye ankasambitsa maliro, ndipo manja ake anali asananjenjemerepo. Mwambo ankaudziwa ngati njira ya kumjigo: kusambitsa katatu, kuluka tsitsi la malemu zingwe zitatu, kuzigoneka kumbuyo, kenako kukulunga m'sanda.

Mng'ono wake Naima ankaluka tsitsi la amoyo, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Chaka china tsitsi lake lomwe linayamba kuyoyoka, kadazi apa, kadazi apo, mpaka mutu wonse unatsala mbee. Kuchipatala anamuuza kuti si matenda opatsirana. Koma anthu a pamsika mukuwadziwa inu, lilime lawo silipuma. Ndani angapereke mutu wake kwa woluka wopanda tsitsi? Akanati amulodza, kapena wakhwimira bizinesi.

Mlongo wawo Bilal anamutumizira wigi kuchokera ku Joni. Sinali yachisawawa ngati zopachika pamsika zija. Pansi pake panali kansalu kopyapyala ngati neti ya udzudzu, ndipo tsitsi lililonse linali lomangidwa palokha ndi manja. Ukaligawa pakati, mzerewo unkaoneka ngati khungu lenileni la mutu. Sinkayabwa, ndipo ngakhale dzuwa la Okutobala lilume bwanji, kamphepo kankalowa. Naima anaivala zaka zisanu ndi chimodzi, mpango pamwamba, tsitsi likusuzumira pamphumi. Kupatula Bilal, wodziwa anali Ajira yekha.

Malungo atamugoneka osadzukanso, Naima anagwira dzanja la mkulu wake.

"Achemwali, mutu wangawu asadzauone munthu. Ngakhale tsiku limenelo."

"Usamalankhule zopusa iwe," anatero Ajira. Komabe analonjeza.

Tsikulo linafika Lachitatu m'mawa. M'chipinda anali awiri, Ajira ndi Abiti Wadi, mayi wachikulire wothira madzi, amene nkhani sinkagona m'kamwa mwawo. Ndipo wigi sipita kumanda, munthu amabwerera kwa Mulungu monga anadzera. Ajira anachita mantha, mantha enieni. Anafunditsa chitenje kumutu kwa malemu, n'kulowetsa manja, n'kuvula wigi ija, n'kuipanira pansi pa bondo. Ndiye anayamba kuluka. Zala zinkapita uku ndi uku pakhungu lozizira, popanda choti zigwire. Chingwe choyamba, chachiwiri, chachitatu.

Abiti Wadi anangoima ndi kapu m'manja, maso ali pachitenje chimene chinagona pamutupo osatukumuka n'pang'ono pomwe. Ajira anadikira funso.

"Waluka bwino, mwanangu," anatero mayiwo. "Bweretsa sanda."

Abiti Wadi sanauze munthu. Patapita zaka ziwiri nawonso anatsikira kulichete, ndipo anawasambitsa ndi Ajira yemweyo.

Wigi ija ili pansi m'sutikesi ya Ajira mpaka lero. Kuitaya akulephera, kuipereka akulephera. Akafuna chitenje chapansi amayang'ana kumbali, chifukwa mzere uja umaonekabe ngati mutu wa Naima.

Maliro akusambitsabe, anthu akuthamangirabe kwa iye. Koma ikafika nthawi yoluka tsitsi amapempha mnzake, iye n'kutuluka panja. Amaima kuseri kwa nyumba, manja atawapanira m'khwapa, kuti anthu asaone zala zikuluka zokha.