Yoyo Zokana Kugona

Kampani ya mabasi kumene ndinali makaniko itatsekedwa, ndinakakhala ku Matero kwa alongo anga, ndikudya thukuta la alamu. Alamuwo ankaoda katundu ku Nakonde. Tsiku lina anangondiponyera katoni pamapazi.

"Ba mulamu, ni mayoyo aya. Mukagulise pa steshoni. Vikakanga, basi ya ku Malawi muiziba."

Ku Malawi kumeneko kunachokera atate. Ine sindinapondeko chibadwire, ndipo sindinafune kukayamba ndi ndevu.

Pa steshoni ana asukulu ankafunsa chinthu chimodzi: "Igona?" Yoyo imagona ikamazungulira kunsonga kwa chingwe osakwera. Zanga zinkangofika pansi n'kudumpha ngati zaponda moto. Palibe anagula.

Ndinati ichi n'chochepa. Chilichonse chozungulira chimafuna girisi, ndi mmene tinaphunzirira kugaraja. Ndinamasula imodzi, kabeyaringi kake n'kukapaka mokwanira. Zinaipiratu. Inkabwerera ndi liwiro n'kundimenya pachala. Ngwangwazi wina, oitanira anthu m'minibasi aja, anakuwa:

"Ba mudala, yoyo yanu ilibe tulo! Nayo banaichosa nchito?"

Ndinafuna kumulumphira, anthu anachita kundigwira malaya.

Nditafika kunyumba ndinaimenyetsa kukhoma. Inagawika pawiri, kabeyaringi n'kugwera m'chitini cha parafini cha alongo anga. Ndinakavuula ndikutukwana, n'kuimanganso chifukwa choopa pakamwa pa alamu. Nditaiponya, inatsika n'kukhala pansipo, ikulira ngati njuchi. Ndinaima ndi dzanja m'malere mpaka phewa linawawa. Kanthu kakang'ono chotero girisi amakalemetsa, kamafunika kouma. Sabata imeneyo ndinatsuka katoni yonse, alongo anga akudandaula kuti nyali ayatsa ndi chiyani.

Zinayamba kuyenda, koma pang'ono, poti ogulitsa yoyo anali atachuluka ngati a salaula, zovala za kaunjika zija. Kenaka ana aja anabwera ndi nkhani ina: pa TV anaona munthu akuponya yoyo m'mwamba yosamanga, n'kuiwakha ndi chingwe. Ndinati ngati ndi munthu wa manja awiri, nanenso ndichita.

Zanga zinali zopapatiza pakati, chingwe sichikanalowa. Ndinasankha zolemera, ndinatembenuza mbali zake kuti misana iyang'anane, pakamwa n'kukula. M'mphepete ndinakulunga malegeni a chubu cha njinga kuti ikagwa isasweke. Ndipo inagwa! Ndinaithamangitsa m'ngalande, pansi pa tebulo la amayi a tomato, mpaka m'khola la abakha a eni ake. Alongo anga ankapukusa mutu.

"Achimwene, munthu wa Fomu Faifi, mukupikisana ndi abakha?"

M'mawa uliwonse ndinali kuseri kwa nyumba, chingwe chitandidula chala.

Mwezi ukutha alamu anatulukira pa steshoni osandiuza, manja m'thumba. Ndinadziwa chimene anadzera: kudzaona ngati yakwana nthawi yondikweza basi ya ku Malawi. Ndinakulunga chingwe, ndinaiponya. Inapitirira denga la minibasi, inatsika, ndipo ndinaitchera chingwe. Inakhalapo, ikuzungulirabe. Ana anakuwa, ngwangwazi uja n'kumenya chitseko cha basi ndi chikhatho, anthu akukankhana pakatoni.

Alamu anakanda kumutu, n'kuyamba za ulendo wa mawa lake.

"Mailo niyenda ku Nakonde. Nibwelese vina?"

"Bweretsani zolemera," ndinatero. "Ndipo pasapezeke wozipaka kanthu."