Pamene Panathera Timizere Tofiira

Chaka chimene tinaika mwana wathu m'manda, ku Luwinga kunali kumanga kokhakokha. Yunivesite inali ikukula, ndipo aliyense amene anali ndi kamalo kuseri kwa nyumba ankaumba njerwa kuti amange zipinda za ana asukulu. Amuna anga ndi kalipentala, kwawo ndi ku Nkhata Bay. Ine ndine wa ku Dedza, ku Mzuzu ndinabwera chifukwa cha banja. Chaka chimenecho ntchito inawachulukira: mabedi, matebulo owerengera, zitseko. Ine ndinkakazinga mandasi m'mawa n'kukagulitsa pafupi ndi geti la yunivesite.

Mwanayo anali mtsikana, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa. Anali Fomu 3, ndipo tikamadutsa pa geti lija ankaloza ndi mlomo n'kunena kuti, “Amama, muno ine ndidzalowa, ndipo mandasi anu ndizidzadya ulere.” Anadwala masabata awiri okha. Bokosi lake anakhoma ndi bambo ake omwe, anakana kuti wina aliyense agwire hamala. Atamaliza, zinakhala ngati akhomeranso pakamwa pawo. Kutchalitchi anasiya. Panyumba mawu awo anali “Mwawuka uli” m'mawa ndi “Yewo” ndikawapatsa chakudya, basi. Ine ndine munthu wolongolola, anzanga a pa geti akhoza kuchitira umboni, koma kulongolola kumafuna wokuyankha. Ndinkaopa kuti imfa yanditengera anthu awiri, wina ali kumanda, wina ali pampando m'nyumba momwemo.

Patapita miyezi inayi ndinalimba mtima n'kutsegula chikwama chake cha kusukulu. Munali makope, cholembera chofiira, ndi Baibulo limene anampatsa kumpingo atamaliza kalasi. Nditalitsegula ndinaona kamzere kofiira pambali pa mutu woyamba, kena pa mutu wachiwiri, kenanso pa wachitatu. Mwanayo anali atayamba kuliwerenga lonse kuchokera koyambirira, ndipo akamaliza mutu ankachonga. Sindinaugwire mtima, ndinavundukula kutsogolo kuti ndione pamene anafika. Timizereto tinathera chapakati, m'buku lalitali lija la nyimbo ndi mapemphero. Ndinatseka msanga n'kulibweza m'chikwama.

Ndinene zoona, ndinachita manyazi. Ine ndinabatizidwa ndili khanda, yunifolomu ya amayi a kumpingo ndinali nayo, yoyera bwino, koma m'Baibulo ndinkangodziwa malo amene abusa amakonda kutsegula. Kawiri konse ndinalumbira pa chaka chatsopano kuti ndiwerenga lonse, ndipo kawiri konse ndinafera m'buku la nsembe, pakati pa ng'ombe, nkhosa ndi mafuta a impso. Kamwana kanga kanali katadutsa monsemo popanda kuuza munthu.

Tsiku lotsatira ndinalitenganso. Sindinalumbire kanthu ulendo umenewu, ndinangofuna kuyenda mmene anayenda mwana wanga. Nthawi ndinaipeza mosavuta. Mandasi ukawavuula sungawavindikire nthawi yomweyo, amachita thukuta n'kufewa, ndiye pamakhala kanthawi kodikira kuti aphwe nthunzi. Kale kanthawi kameneko ndinkakagwiritsa ntchito kudzutsa mtsikana uja. Tsopano ndinkakhala pakhonde, mbaula kumapazi, kuwerenga mitu itatu. Kunja kunkakhala nkhungu kapena kamvula kowaza kaja kamene ku Mzuzu sikatengera nyengo. Pamene ndalekezera ndinkaikapo kansalu kong'ambika ku chitenje, ndipo masamba ambiri mpaka lero ali ndi zidindo za zala zamafuta.

Sizinayende mosalala ayi. Masiku ena ndinkadzuka mochedwa, masiku ena mtima unkangokana. Poyamba ndikajomba masiku awiri ndinkafuna kubweza zonse pakamodzi, mitu isanu ndi inayi, n'kudzuka pamenepo m'mutu mulibe chilichonse. Ndinaphunzira kungoyambira pamene pali kansalu ngati sindinajombe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nditafika pa masamba aja a mayina okhaokha, uje anabereka uje, ndinati apa ndiye ndidumpha, Mulungu andikhululukira. Koma timizere tofiira tinalipo pa mutu uliwonse, ndipo m'mphepete mwa tsamba lina mwanayo analemba timalemba tating'ono kuti, “Eee, mayina!” Ndinaseka ndekha pakhondepo mpaka misozi, koyamba chimwalirire iye. Mayinawo ndinawawerenga onse, lilime likupunthwa.

Ndili m'nkhani za mafumu, tsiku lina ndinatsegula Baibulo lija ndipo m'chitenje mwanga munagwera utuchi. Ndinaukutumula osaganiza kanthu, chifukwa m'nyumba ya kalipentala utuchi umapezeka ndi mu shuga momwe. Koma mawa lake ndinaona kanthu katuluka pang'ono cha koyambirira kwa bukulo. Kanali kachidutswa ka sandipepa, kotha kale, katatsekeredwa pa mutu wachisanu ndi chitatu. Madzulo a tsiku limenelo kanali pa mutu wakhumi ndi chiwiri. Amuna anga ankabwera kudzadya masana ine ndili ku geti, ndipo nthawi imeneyo m'nyumba munkakhala mulibe wina.

Ndinafuna kuthamangira ku shedi kwawo kuti ndikawafunse. Mwamwayi ndinayamba ndauza mnzanga wina wa pa geti, mayi wachitumbuka amene ankagulitsa nthochi pafupi nane.

“Musawafunse, amama,” anatero. “Nkhuku ikamaikira, mukaiyang'anitsitsa chomene imasintha malo.”

Ndinamvera, koma pa ntchito zonse zimene ndagwirapo, kutseka pakamwa miyezi imeneyo ndiyo inali yolemetsa. Baibulo ndinkalisiya pamalo amodzimodzi, pamwamba pa kabati. Sandipepa uja ankakanda masamba, zilembo zina mpaka kuyera, ndipo mumtima ndinkati munthu wamkulu uyu kusowa ndi kapepala komwe. Sindinanene. Madzulo aliwonse ndikafika ndinkayamba ndasuzumira kuti afika pati, ndisanavule n'komwe nsapato. Iwo ankathamanga kuposa ine, mitu isanu, nthawi zina isanu ndi umodzi. Patebulo tinkadya chete ngati kale, koma tsopano ndinkadziwa kuti munthu ali kutsogolo kwangayu lero anali m'chipululu, kapena anali pa mpanda wa mzinda wina.

Miyezi yozizira itafika, ine ndinafika pa kamzere komaliza. Ndinawerenga mutu umenewo, ndinaika kansalu kanga, ndipo mawa lake ndinalephera kupitiriza. Malinga ngati timizere tinalipo, ndinkaponda mmene anaponda mwana wanga, ndinkadziwa kuti mawu awa maso ake anawaona. Mutu wotsatirawo sanauone. Ndinkaona ngati ndikauwerenga ndamusiya panjira yekha n'kumapita. Chizolowezi chokha sichinandisiye: mandasi akavuulidwa miyendo inkanditengera pakhonde, Baibulo pamiyendo, koma lotseka. Ndinakhala choncho masabata atatu, ndipo sandipepa uja ankangoyandikira.

Lachiwiri lina madzulo ndinapeza sandipepa ndi kansalu kanga zili pa tsamba limodzi. Lachitatu zinali pomwepo. Lachinayi chimodzimodzi. Munthu wa mitu isanu patsiku uja nayenso anali ataima.

Lachisanu m'mawa ndili pakhonde ndinamva chitseko chikutseguka. Amuna anga sankatuluka nthawi imeneyo. Anabwera atavala jekete, pensulo yawo ya ntchito ili kukhutu, n'kukhala pa benchi pafupi nane. Anatambasulira manja ku mbaula.

“Mandasi azizira,” anatero.

“Azizire.”

Kenako anati, “Mwaima nthawi yaitali chomene pamenepa, amama.”

“Inunso mwaima, abambo.”

Sanakane. Anayang'ana ku msewu kumene ana asukulu anali atayamba kudutsa ndi zikwama zawo.

“Mwana uja ankabwera nalo ku shedi akaweruka,” anatero. “Ankandiwerengera mokweza ine ndikupala matabwa. Ine ndinkamuuza kuti akusokosa.”

Aka kanali koyamba kumutchula mwanayo chiikireni maliro. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasunga chaka chathunthu. Iwo anachotsa pensulo kukhutu, anatenga Baibulo pamiyendo panga, analitsegula pa tsamba lija n'kundibwezera.

“Werengani mokweza. Ine ndichonga.”

Ndinawerenga. Pena ndinkaima kuti ndipukute m'maso ndi nsonga ya chitenje, koma ndinafika kumapeto kwa mutuwo. Iwo anawerama n'kulemba kamzere pambali pake, kowongoka ngati pa thabwa loti alicheke. Tinawerenganso wina, ndi winanso. Tsiku limenelo ndinafika mochedwa ku geti, ana asukulu atagula kale kwa ena, ndipo mnzanga wa nthochi uja atandiona nkhope sanandifunse chilichonse.

Kuyambira pamenepo tinkakhala awiri pakhonde. Tinkakangananso, chifukwa iwo ankafuna mitu isanu ine itatu, ndipo ankandiseka ndikapunthwa pa mayina a mizinda. Ndinali nditaiwala kuti munthuyu ali ndi mwano wake. Kutchalitchi anabwerera okha patapita miyezi ingapo, osakokedwa ndi munthu. Tsamba lomaliza tinalifika chaka chotsatira mvula ikuyamba, ndipo m'mawa mwake tinatsegulanso koyambirira.

Pa tsiku lachiwiri la kuwerenga limodzi kuja ndinakumbukira kuti cholembera chofiira chidakali m'chikwama. Ndinakachitenga, ndinachiyesa padzanja, chinali chikulembabe. Ndinawapatsa kuti azichongera chimenecho, timizere tifanane. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera n'kutenga pensulo yawo.

“Chofiira n'chake,” anatero. “Tizidziwa pamene anatifikitsa.”