Munalemba kuti ndine mwana wawo

Lero ndikulongosola m'sutikesi ndapeza khadi langa lakale la kuchipatala, la nthawi ya Kamuzu ija, ndipo ndazindikira kalembedwe kanu, Anesi Nabanda. Papita zaka chitisiyireni, koma misozi yalengezabe.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mayi anga atangomwalira kumene. Amene ananditenga ndi Abiti Saidi, akazi a telala wa ku Old Town, anthu osakhala abale athu n'komwe. Chilonda chimene ndinali nacho pamwendo chitayamba kununkha anandibereka mpaka kuchipatala, koma kalaliki anakana kundilembera khadi. "Si wanu uyu, abwere eni ake mwana." Inu munatuluka m'chipinda chomangira mabala, n'kulanda cholembera. "Eni akewo ndi ati? Amene abwera naye kumsana ndiye mayi ake. Mayi, dzina lanu?" Munatsuka chilondacho osakwinya nkhope, uku mukundifunsa za kusukulu kuti ndisalire. Mwendo unapola, mpaka lero ndimayendera womwewo. Pobwerera tsiku limenelo, tili pa mlatho, ndinawaitana Abiti Saidi kuti "amayi" koyamba. Anaima, n'kundifunsa kuti ndibwereze.

Usani mumtendere, Anesi.