Pakamwa pa Abiti Nassoro

Kwathu kuno ukafuna kuti nkhani ifike ku Chiponde dzuwa lisanalowe, usavutike ndi foni. Ingowanong'oneza Abiti Nassoro, n'kuwapempha kuti asauze munthu.

Mayiwa amagulitsa zitumbuwa pageti la chipatala chathu chaching'ono. Mzere wa odwala ukutalika chaka ndi chaka, anamwino ndi awiri omwewo, ndiye makasitomala ndi nkhani siziwasowa. Woyembekezera amamudziwa mwini wake asanadzizindikire.

Ramadani itayamba, a Edith, namwino wamkulu, anatopa n'kulandira odwala shuga amene ankakomoka chifukwa chomwa mankhwala kenako n'kutandala osadya. Nthawi yophunzitsa mmodzimmodzi panalibe. Anawaitanira Abiti pambali.

"Amayi, izi ndi zathu zam'kati, musaulule. Wa shuga akayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, apatsidwe madzi a shuga akadali maso. Kenako athamangire naye kuno."

Sabata isanathe, ngakhale anyamata a kabaza ankaziimba ngati nyimbo. Abiti anathirako ndi zomwe anamva kwa a shehe, zoti wodwala amaloledwa kumasula swaumu, kusala kudya kwa pa Ramadani.

Koma chinsinsi chenicheni chinali m'nyumba mwawo momwe. Amuna awo, Che Jaffalie, anali ndi shuga. Mankhwala ankakatengera kuboma n'kumawabisa m'thumba la ukonde. Ndani angawadzudzule? Ankaopa kudzuka m'mawa ana asukulu akuwalozerana.

Tsiku lina masana bambowa akusoka ukonde padoko, manja anayamba kunjenjemera, malaya onse atanyowa. Amayi oyanika usipa sanafunse n'komwe. Mmodzi anasungunula shuga m'kapu.

"Ndafunga swaumu ine," anatero Che Jaffalie, mawu akuthawa.

"Imwani, bambo! Akazi anu omwe ndi amene anatiphunzitsa."

Anamwa, wakabaza n'kuwanyamula.

Abiti anangoona amuna awo akutsitsidwa pageti pomwe amagulitsira zitumbuwa. Mudzi wonse unali utamva kale, otsalira anali iwo okha. Ndinawamvera chisoni, chifukwa chibadwire sindinawaonepo atatseka pakamwa chonchija.

Madzulo anakhala pambali pa bedi, misozi ili lengelenge.

"Zaka zonsezi osandiuza, bambo?"

"Mukanauza dziko lonse."

"Ndikanauza, inde," anatero Abiti, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Nanga pakanapanda pakamwa pangapa, si bwenzi pano ndikukusakirani sanda, nsalu ya maliro?"