Thumba Lakale la Makilo Makumi Asanu

M'mawa uliwonse, bambo okalamba a khomo loyandikana ndi la Fernanda amapita kuchipata cha malire kukagogoda matayala a malole ndi ndodo yawo. Anayendetsa lole ya tiyi zaka makumi awiri, mpaka nkhondo inaiwotcha pamodzi ndi mapepala awo onse. Akagogoda amatchera khutu, n'kuuza dalaivala kuti, "Ili lafooka, mphwanga, sukafika nalo ku Limbe."

Mawu awo sasintha: "Kuno thumba ndiye mfulu, munthu ndi kapolo."

Akazi awo anathawira ku Muloza, kutsidya kwa malire, ndipo uthenga wabwera woti matenda awapanikiza. Pachipata awabweza katatu poti alibe giya, kalata yaulendo ija. Mtsinje wa m'malire wadzaza, miyendo yawo siingauthe. Koma nandolo amangowoloka tsiku ndi tsiku.

Lachiwiri lapitali, Fernanda akugulitsa nthochi mwana wake Vicente ali kumsana, anawaona akubwera ndi pepala la katundu lomwe anabwereka kwa dalaivala wina. Anamupatsa cholembera, iye n'kuyang'ana pansi.

"Amake Vicente, inu sukulu munailawako. Pansi pa matumba a nandolowa wonjezeranipo limodzi. Mulembe kuti lakale, la makilo makumi asanu."