Wilo la a Kapitawo

Kunsi kwa phazi langa lakumanja kulibe mizere, n'kosalala ngati sopo. Anthu akandifunsa ndimati ndinaponda moto ndili mnyamata. Limenelo ndi bodza, ndipo ndatopa nalo.

Nthawi ya thangata ndinkakhala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Ntchito yanga inali yokonza njinga zitatu za pamenepo: ya mesenjala, ya kalaliki ndi ya a Kapitawo. Palibe anandiphunzitsa, zala zokha ndi zimene zinandiuza kuti zitsulo za njinga sizilowana chisawawa. Kotapini, kamsomali komangira chopalasira, wa njinga iyi amagwedera pa inayo, nati ya kuno imakana bawuti ya kwa Apwitikizi. Ukakakamiza, chitsulo chimakubwezera tsiku lina. Chifukwa cha ntchito imeneyo ndinali ndi nyumba pa malo a mzungu, ndi kamunda ka chimanga ndi nandolo. Mkazi wanga anali woyembekezera, wotopa kale. Pa esiteti ukachotsedwa ntchito ankakugwetsera nyumba, chimanga n'kuchitchetcha chili chachiwisi.

A Kapitawo, oyang'anira antchito tonse, anali Mlomwe mnzathu. Bambo awo ndi bambo anga anawoloka Ruo limodzi pothawa Apwitikizi. Koma atangolandira chipewa ndi chikoti cha chikopa cha mvuu, Chilomwe anachisiya, nkhope zathu n'kuziiwala. Ndinawaonapo akukwapula mayi wobereka mwana kumbuyo chifukwa chothyola masamba okhwima. Munthu woipa mtima ngati ameneyo sindinamuonenso.

Tsiku lina anagunda chitsa, wilo lakutsogolo n'kupindika. Mawa lake anabwera ndi wilo latsopano lochokera kwa wamalonda wina wa ku Masambanjati, amene ankaoda katundu kwa Apwitikizi. Linali lonyezimira, koma nditangoika chala pa limu, mkombero wake wachitsulo, mtima unati myuu. Mabuleki a njinga zathu anali a ndodo zachitsulo: ukakoka, timphira tiwiri timakwera n'kukanikiza limu chamkati, mbali iyi ndi iyo ya masipoko. Pamafunika limu yotambalala. Iyi inali yopyapyala, timphirato tikanangodutsa m'mbali. Buleki yakumbuyo inali itafa kalekale, ndodo yake inathyoka ndipo ina sitinaipeze.

“A Kapitawo, wilo ili si la njinga yanu,” ndinatero. “Buleki siigwira.”

“Wilo ndi wilo. Lozungulira si ili?”

“Lichero nalonso n'lozungulira, kodi tiike limenelo?”

Pakamwa pangapa, abale! Sindinamalize n'komwe kuseka. Anatola pampu yachitsulo n'kundimenya nayo pamlomo, phwa! Ndinalavula dzino ndi magazi pafumbi. Ndisanadzuke chikoti chinali chitafika pamsana, kachiwiri, kachitatu, mpaka malaya anang'ambika n'kumatirira m'mabala. Kalaliki anatulukira pakhomo la ofesi, n'kubwereranso mkati.

“Ukuti andipusitsa ine, galu iwe? Uike wiloli dzuwa lisanapendeke. Ukapanda kutero, mawa mkazi wako akaberekera m'tchire.”

Ndinaliika. Ekiselo yake, chitsulo cha pakati pa wilo, inali yonenepa, choncho ndinapala foloko ndi tupa mpaka inalowa. Timphira ndinatipanikiza ndi pulayala kuti tikhudzeko m'mphepete mwa limu. Magazi ankadontha pa sipanala, ine n'kumapukuta ndi mkono. A Kapitawo anakwera pabwalo la fakitale, anapalasa pang'ono, anakoka buleki. Inalira kwiii, njinga n'kuima.

“Nanga si iyi yaima?”

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinati, “Pano m'pathyathyathya. Mukaiyese potsikira kumlatho.”

Anamwetulira. “Ukaiyese ndiwe. Ukagwa, ndidziwa kuti waika molakwika mwadala, ndipo nyumba ndigwetsa. Ukakana, ndigwetsanso.”

Msewu umenewo umatsika molunjika pakati pa minda ya tiyi, kumunsi n'kukhota mwadzidzidzi kulowa pa mlatho wa matabwa. Ukaphonya pokhotapo, pansi pali miyala yokhayokha. Azimayi othyola tiyi anaimirira ndi madengu kumsana, n'kumandiyang'ana. Ndinakwera ndilibe nsapato, nanga masiku amenewo wantchito nsapato akanazitenga kuti?

Poyamba buleki inakanda pang'ono. Liwiro litakula ndinakoka ndi mphamvu, ndipo ndinamva timphira tikupulumuka, chogwirira n'kufika pa handulo chopanda kanthu. Mayo ine! Mitengo ya tiyi inkangodutsa ngati madzi. Mlatho unkakula m'maso mwanga. Kulumpha kukanakhala kugwa, ndipo kugwa kunali nyumba yanga. Njingayo madigadi yotchinga tayala inalibe, choncho ndinakweza phazi n'kuliponda pa tayala lakutsogolo, kuseri kwa foloko.

Zowawa zake sindingathe kuzifotokoza. Tayala linkadya khungu ngati tupa, mchenga ndi timiyala zikulowa m'mnofu. Ndinamva fungo la nyama yopserera, ndipo inali yanga. Ndinakuwa, koma phazi sindinachotse. Ndinkatukwana a Kapitawo, kutukwana mzungu, kutukwana wamalonda wa ku Masambanjati ndi amene anamubala. Njinga inadzandira, inakhota, n'kuima gudumu lakutsogolo litakhudza thabwa loyamba la mlatho.

Kumunsi kuja kunalibe munthu, pokhota paja pankabisika ndi nsungwi. Ndinatsikira kumadzi, ndinasanza, kenaka ndinaponda m'matope ofiira mpaka phazi lonse linakutidwa. Dothi la kwathu ndi magazi sizisiyana mtundu. Ndinakankha njinga kukwera phiri, ndikuluma mlomo kuti ndisatsimphine.

A Kapitawo anali pamwamba, chikoti chili m'khwapa. “Bwanji?”

Apa ndi pamene ndimafuna mumve bwino. Ndikanatha kukweza phazi n'kuwaonetsa. Zaka zambiri ndakhala ndikudziuza kuti ndinkateteza nyumba yanga, ndipo n'zoona, koma si zokhazo. Lilime langa linali pa bowo la dzino lija, msana ukuyaka, ndipo ndinkafuna munthu ameneyu atsike phiri lija.

“Ikugwira bwino, a Kapitawo,” ndinatero. “Ndinalakwa ndine.”

Anaseka, n'kundimenya kambama kakang'ono ngati mmene amachitira ndi mwana.

Mawa lake m'mawa ndinawaona akutsika kukayendera minda ya kutsidya, chipewa chili pamutu. Tinamva belu likulira kosalekeza, kenaka mfuu, kenaka zii. Tinawapeza pamiyala, fupa la ntchafu litatulukira panja, miyendo isakugwedezeka. Wilo lonyezimira lija linali litapindika pakati.

Tinawanyamula pa machila anthu anayi kupita kuchipatala cha mishoni. Mkazi wanga anali atandimanga phazi ndi kansalu, koma magazi anatulukira, ndipo paliponse pamene ndinkaponda ndinkasiya chidindo. Titawatsitsa pamthunzi kuti tipume, nkhope yawo inali pafupi ndi mapazi anga. Anayang'ana kansalu kaja, anayang'ana zidindo mumsewu, kenaka anandiyang'ana ine. Anayankhula motsitsa mawu, m'Chilomwe chimene anali atachisiya zaka zonsezo.

“Unaimika ndi phazi?”

“Eee.”

Anatseka maso. Ndinadikira sabata yonse kuti asilikali abwere kudzandimanga, koma a Kapitawo sanauze munthu aliyense. Chifukwa chake sindichidziwa mpaka lero, ndipo chimandiwawa kuposa chikoti chija.

Sanayendenso. Anabwerera kunyumba kwawo pa esiteti ali chigonere, ndipo munthu wosagwira ntchito pa malo a mzungu analibe pokhala. Mwana wanga anabadwira m'nyumba yanga, ali bwinobwino, chimanga chathu tinakolola. Mwezi womwewo kapitawo watsopano anasankha amuna oti akagwetse nyumba ya akale aja, ine ndili m'gulumo. Akazi a Kapitawo akalewo anawakokera amuna awo panja pa mphasa, n'kuwagoneka pafupi ndi miphika ndi mtolo wa zovala. Anzanga anakwera padenga kukasasula udzu. Ine, poti phazi linali lisanapole, anati ndisakwere. Anandipatsa nkhwangwa kuti ndidule mzati wapakati, ndipo ndinaudula iwo akundiyang'ana.